Galimoto ya Mipando Iwiri ndi Mawu Amene Ndinameza

Aphungu,

Kalatayi ndaiyamba katatu n'kuing'amba, chifukwa nthawi zonse ndikafika pakati ndimapezeka ndayamba kudzikometsera. Ulendo uno ndapemphera kaye, ndipo ndinena zonse monga zinachitikira, ngakhale pamene pakundichititsa manyazi.

Ndine mnyamata wa zaka 27. Kwathu ndi ku Katete, koma ndakhala muno mu Livingstone zaka zisanu chimalizireni Fomu 5. Ndimagwira ntchito pa kauntala yogulitsira masipeyala pa galaja ina ya m'tauni. Kunena zoona, chitsekereni malire a dziko pa mlatho wa pa mathithi paja, pamene katundu ankalowera, ntchito yanga yeniyeni ndi kuuza anthu kuti "palibe, yesaninso mwezi wa mawa." Ndimayimba besi m'kwaya ya mpingo wathu ku Dambwa, ndipo m'kwayamo ndi momwe ndinapeza Jennifer. Ukwati wathu ndi wa pa 21 Ogasiti chaka chino cha 1976, Mulungu akalola, komanso nkhani ndikukuuzaniyi ikalola.

Bambo ake a Jennifer ndi ba Mukumbuta, Mlozi wa ku Mwandi, amene amachita malonda a nsomba zouma pa msika wa Maramba ndipo ali ndi ng'ombe kumudzi. Ndi munthu wamtali, wosalankhulalankhula. Ali mnyamata anagwirapo ntchito zaka zisanu ndi zinayi pa bwato lonyamula alendo achizungu kumtunda kwa mathithi, kenako anayamba zakezake. Chitomereni mwana wawo, ankangondipatsa moni basi, osapitirira pamenepo. Ndiye tangoganizani mmene mtima wanga unadumphira Loweruka lina m'mwezi wa Meyi, nditawaona atayima pa kauntala panga, chipewa chili m'manja.

"Mukwenyani," anatero. Umu ndi mmene Alozi amaitanira mkamwini, ndipo kanali koyamba kundiitana choncho. "Mukaweluka valani jekete. Tiyende mukanikambile Chizungu."

Tinakwera ku mayadi, kunyumba ya mzungu wina amene ndinkamudziwa bwino. Ndi injiniya, kontrakiti yake yatha, ndipo akubwerera kwawo kumapeto kwa Julaye. Dzina lake ndisalitchule. Pa galaja timamutcha a Madando, chifukwa kwa zaka zitatu sanalowepo pakhomo pathu wopanda dandaulo. Fumbi, kutentha, ntchentche, tiyi wozizira amene bwana wathu amamupatsa, kalembedwe kanga pa risiti, zonse ndi mlandu. Koma chimene amadandaula nacho koposa zonse ndi galimoto yake, ndipo galimotoyo ndi imene inatiyendetsa tsikulo.

Aphungu, mwina simunaionepo ya mtundu umenewu. Ndi yofiira ngati phwetekere wakupsa, yaifupi moti denga lake limandifika m'chiuno, ndipo dengalo ndi lansalu, amalipinda akafuna mphepo. Mphuno yake ndi yaitali kuposa thupi. Mipando ndi iwiri yokha, yachikopa. Kumbuyo kuli kamalo koika katundu kosakwana ngakhale mtolo umodzi wa nsomba za ba Mukumbuta. Ikangoyima imaoneka ngati ikuthamanga kale.

Anatikhazika pakhonde, mayi wa pakhomopo anatipatsa tiyi, kenako tinapita pamene panali galimotoyo. A Madando anandiyang'ana n'kunena m'Chingerezi kuti:

"Uwauze bwinobwino akuluwa, usasiye kanthu. Galimotoyi ndi mfiti. Pampu ya madzi ikudontha, ndipo ina sungaipeze m'dziko lonse lino. Ukayenda mailosi khumi ndi asanu imabwata ngati ketulo. Mimba yake ndi yotsika, mwala wonga chibakera umaiboola. Giya yachiwiri imalira ngati kamwana ka mbuzi. Yandidyera ndalama kuposa ana anga awiri, ndipo m'mawa uliwonse ndimaitukwana ndisanamwe tiyi."

Chodabwitsa n'chakuti ankanena zonsezi akusisita chitseko chake ngati munthu wosisita mwana wodwala. Ndipo zonse zinali zoona. Ndine amene ndinalemba makalata anayi ku Lusaka kufunafuna pampuyo, ndipo yankho linali lakuti popanda chilolezo cha ndalama zakunja tiiwale.

Ndinatembenuka kuti ndimasulire. Ndinapeza nkhope ya ba Mukumbuta ikuwala monga sindinaionepo. Munthu wosamwetulira uja, mano onse anali pamtunda. M'mutu mwanga munkangomveka mawu aja akuti mukwenyani, mukwenyani. Ndinadzifunsa kuti kodi ine, mwana wa dzulo, wobwera, ndithire madzi pa moto wa apongozi tsiku lomwe andiitana koyamba ngati wawo? Ndiponso kwathu tinaleredwa kuti chinthu cha munthu sunyoza mwini wake ali pomwepo, ngakhale mwini wakeyo atayamba yekha. Pakamwa panga panatuluka izi, ndikuwaitana kuti bo-ndate, ndiko kuti bambo m'Chilozi:

"Akuti ni motoka ya mafumu, bo-ndate. Ifuna chabe ulemu. Siikonda ulendo utali, siikonda miyala. Akuti aikonda kwambili, mutima uwawa kuisiya."

Ba Mukumbuta anandiyang'ana kanthawi. "Zamene izo chabe?"

"Ee, izo chabe."

Apo ndiye tchimo langa loyamba.

Kenako a Madando anatchula mtengo: K4,600. Umenewo ndinaupereka wathunthu, osachotsapo ngwee. Ndinkaganiza kuti mtengowo wokha uwathamangitsa, chifukwa pabwalo la galaja yathu pali lole ya matani atatu, yoyenda bwinobwino, ya K3,900. A Madando anapinda manja n'kutsamira galimotoyo, ngati munthu wodikira ndewu yokoma. Ndewuyo sinabwere. Ba Mukumbuta anaika chipewa pansi, anawerama pang'ono, anaomba m'manja mwa Chilozi, pang'onopang'ono, n'kuthokoza. Mzunguyo anafiira makutu.

Pobwerera ndinayesa kukonza. "Bo-ndate, mwina tikanapempha kuti atsitseko pang'ono."

"Kutsitsana mutengo ni ku Maramba, pa nsomba," anatero osandiyang'ana. "Munthu wakupasa mupando, wakupasa tiyi mu kapu ya mukazi wake, iwe uyambe kunyoza chinthu chake kuti akuchosele? Ine sindine munthu wa njala."

Anapita ku Mwandi, anagulitsa ng'ombe makumi awiri ndi zitatu, ndipo patatha masabata awiri tinakatenga galimotoyo.

Tsikulo anachita chinthu chimene sichichoka m'maso mwanga. Boneti inali ndi fumbi. Asanalowe, anatambasula dzanja lonse n'kuliika pa bonetipo, n'kukanikiza, moti chidindo cha zala zisanu chinatsala. Kenako anandiuza kuti m'chaka cha 1951 galimoto yonga yomweyo, koma yoyera, inayima mu msewu waukulu wa m'tauni, kutsogolo kwa sitolo imene anthu akuda ankagulira pa zenera.

"Ninaigwila chabe na chala chimozi," anatero. "Mwine wake sananimenye. Sanakambe chilichonse. Anachosa kansalu mu thumba, napukuta pamene ninagwila." Anayang'ana chidindo chija. "Apa palibe wamene azapukuta."

Mpaka lero galimoto yonse amaitsuka, koma pamalo pamenepo amapazungulira.

Anayendetsa okha, pakuti anaphunzirira pa kagalimoto kawo konyamulira nsomba. Pa tala zinali bwino, anthu ankasiya zochita n'kutiyang'ana. Titangokhota kulowa msewu wa fumbi wa ku Dambwa North, mwala woyamba unagunda kumimba. Pofika pa geti nthunzi inali tolo ngati sitima yamoto ya ku Mulobezi. Umo munali mu Juni, tili m'majuzi. Nanga mu Okutobala zidzatha bwanji? Anthu a m'sekishoni yonse anabwera kudzaikankha, akuseka, akuyamikira, ena akupempha kuti angokhalamo pang'ono. Chiyambireni tsikulo yayenda katatu, ndipo kawiri yabwerera ndi manja a anthu. Tsopano ili pansi pa mtengo wa mango. Madzulo ba Mukumbuta akachoka ku msika amakhalamo, denga lili lopinda, akumvera nkhani pa kawayilesi kawo.

Mayi ake a Jennifer, ba Akufuna, sananenepo kanthu kwa amuna awo. Amawapatsa madzi osamba mwaulemu monga kale. Koma nkhuku zikakwera pa mipando ija, amayima pakhomo n'kuzilankhula mokweza: "Khalani bwino, imwe nkhuku, musachite manyazi. Mwapeza nyumba ya ng'ombe makumi awili na zitatu. Ise tinali kumwa mukaka, manje tizamwa kufiila." Ndinafunsa Jennifer chifukwa chimene mayi ake sangouza bambo ake maso ndi maso. Anandiseka. "Amai akamba kale. Imwe simunamvele? Atate nawo amvela." Ndipo atandiuza kuti bambo ake akufuna kudzamutengera ku tchalitchi pa galimotoyo tsiku la ukwati, ndinafunsa kuti pochokera kumeneko ine mkwati ndidzakhala pati, pakuti mipando ndi iwiri. Iye anati, "Muzatithamangila kumbuyo na chigubu cha manzi." Amaseka chifukwa sakudziwa zimene ndinachita.

Tsopano nachi chimene chandilembetsa. Lachiwiri lapitali a Madando anabwera pa kauntala, koyamba wopanda dandaulo. Anandiitanira pambali.

"Nkhani ya akulu aja ikundivuta," anatero. "Pa mtengo uja ndinawonjezapo K900 ya kukanganirana. Kwathu wogulitsa amatchula mtengo wokwera, wogula amanyoza galimotoyo, amamenya matayala ndi phazi, amanena kuti ndi chiphaphalapa, ndipo mumakumana pakati, nonse osangalala. Akulu aja sananyoze ngakhale kamodzi. Kodi unawauza zonse ndinanena zija?"

Ndinati, "Ndinawauza." Tchimo lachiwiri.

Iye anapitiriza kuti ndege yake ndi ya pa 30 Julaye. Ngati ba Mukumbuta ali ndi dandaulo abwere nalo tsikulo lisanafike. Iye atenga galimotoyo n'kubweza ndalama zonse, pakuti kuli mnzake wina ku Ndola amene akuifuna, kapena abweza K900 ija ngati akuluwo akufuna kukhala ndi galimotoyo. "Koma sindingapite kukawakankhira ndalama m'manja ngati wopemphetsa. Ndaona mtundu wa munthu amene ali. Angodandaula chabe, liwu limodzi. Ndinakumana nawo pa positi, ndinawafunsa za galimotoyo, anavula chipewa n'kunena kuti, 'Vere gudu, bwana, no kompuleni.' Kodi anthu inu mumatani kuti mudandaule?"

Mzungu akudikira dandaulo kuti abweze ndalama, apongozi sangadandaule chifukwa anaomba kale m'manja, ndipo amene ndikudziwa mbali zonse ziwiri ndine wabodza uja.

Chinanso. Lamlungu lapitali pochokera ku tchalitchi, ba Mukumbuta anandiitana kuti ndikhale nawo m'galimotomo. Ndinalowa. Kenako anati, ngati ongocheza: "Muzungu uja anakamba mau ambili, imwe munanipasa ang'ono. Kansi Chizungu chikaoloka chimafota monga nsomba ya pa moto?" Ndinaseka, ndipo iwo anatsegula wayilesi.

Aphungu, kupatula mantha, pali zinthu ziwiri zimene ndikufunitsitsa kumvetsa, ndipo musandiseke. Choyamba, n'chiyani chili m'galimoto imeneyi chokwana ng'ombe makumi awiri ndi zitatu? Ine ndimagwira zitsulo tsiku ndi tsiku. Chitsulo chake sichikwana theka la cha lole. Lole imanyamula matumba makumi asanu ndi limodzi, iyi imanyamula munthu mmodzi ndi chipewa. Ndimaganiza kuti chinthu chikachepa ntchito mtengo uyenera kutsika, koma apa ntchito ikachepa mtengo ukukwera. Kodi amagulitsa chiyani kwenikweni?

Chachiwiri ndi cha kudandaula. Kwathu anandiphunzitsa kuti mwana wabwino sadandaula. Ku tchalitchi mlaliki amatikumbutsa kawirikawiri za anthu akale aja amene ankang'ung'udza m'chipululu n'kulumidwa ndi njoka. Pa mzere wa mafuta ophikira, munthu akangoti "miyendo yatopa," atcheyamani a Chipani a m'sekishoni yathu, ba Nawa, amati, "Wodandaula ni mudani wa dziko." Ine ndemwe, ngakhale malungo atandigwira, ondipatsa moni ndimawayankha kuti ndili bwino. Koma a Madando amadandaula ndi chilichonse, ngakhale chimene amachikonda, ndipo njoka sinawalume. Tiyi wawo tsopano amabwera wotentha, ndipo ndiulule kuti mapepala awo ndimawaika pamwamba pa a ena kuti asandisokose. Chimene chikundivuta koposa n'chakuti pa anthu atatu amene tinayima pa galimoto paja, amene ananena zoona anali wodandaulayo. Ine waulemu ndine ndinanama. Kodi kudandaula ndi tchimo kapena ayi?

Mgonero wapitawu sindinadye. Ndikaulula, ndikuopa kuti ba Mukumbuta adzati sangapereke mwana wawo kwa munthu amene anawanamiza tsiku loyamba lomwe anamukhulupirira. Ndikakhala chete, pa 30 Julaye ng'ombe zija zikwera ndege. Ndithandizeni.

L. G. P.,
Dambwa, Livingstone.

*

L. G. P., mwana wanga,

Mwachita bwino kusang'amba kalata yachinayi. Ndiyamba ndi chimene simunandifunse, chifukwa chili m'kalata yanu yomwe koma mwachidumpha.

Mwandiuza nokha kuti ba Mukumbuta ananyamula azungu pa bwato zaka zisanu ndi zinayi. Mukuganiza kuti azunguwo ankakhala chete m'bwatomo? Munthu amene wamva alendo akudandaula za dzuwa, udzudzu, mpando wonyowa ndi mvuu zokana kuonekera kwa zaka zisanu ndi zinayi, Chizungu china chingamuphonye, koma cha madandaulo ayi. Ndicho anayamba kuphunzira. Sindingalumbire, pakuti sindinalipo, koma ndikukhulupirira kuti za pampu, za ketulo ndi za kamwana ka mbuzi anazimva zisanafike kwa inu. Anakutengani mwina chifukwa munthu wamkulu amalemekezeka akakhala ndi womulankhulira, mwinanso kuti aone munthu amene akumupatsa mwana wawo. Pamene anati "zamene izo chabe?" anakutsegulirani chitseko. Pamene ananena za nsomba ya pa moto anachitsegulanso. Akulu otere satsegula katatu.

Ngati ndalondola, tulani katundu mmodzi: si inu amene munagulitsa ng'ombe zija. Koma winayo musamutule. Munanama kawiri, ndipo bodza loyamba lija ba Mukumbuta akulidziwa kale. Chimene sakudziwa ndi chakuti kodi ndinu munthu wotha kubwerera. Ukwati wanu ukudalira chimenecho, osati kukhala chete kwanu.

Tsopano za mtengo. Mwalakwa poyeza galimotoyo ndi sikelo ya lole. Galimoto zotere amapanga zochepa, mbali yaikulu ndi manja, ndipo zikamalowa m'dziko msonkho wake umakhala wa zinthu za manyado. Pamwamba pake mumalipira liwiro limene misewu ya ku Dambwa singakuloleni kuliona, ndiponso mumalipira makosi a anthu otembenuka mukamadutsa. Kuchepa kwa mipando si chilema chake, ndiwo malonda ake: imalengeza kuti mwini wake sakufunika kunyamula kanthu. Funsani apongozi anuwo ngati m'khola mwawo simunakhalepo ng'ombe ya nyanga zokongola imene sankaimanga pa goli ndiponso sankaigulitsa. Adzakuuzani ndi dzina lake lomwe.

Koma mtengo ndi china, phindu ndi china. Mtengo weniweni wa galimotoyo ndi umene wogula wachiwiri angapereke, ndipo mu Livingstone, popanda pampu, a Madando akachoka, wogula wachiwiriyo mudzamusaka ndi nyali masana. Izi muwauze momveka, pakuti ndi ntchito yanu ndipo ndi zimene mumadziwa kuposa iwo. Phindu lake kwa ba Mukumbuta ndi chidindo cha zala zisanu chija. Anachidikira zaka makumi awiri ndi zisanu. Kaya chikukwana ng'ombe makumi awiri ndi zitatu kapena ayi, woyeza si inu, si ine. Koma pali munthu wina amene ankamwa mkaka wa ng'ombe zimenezo, ndipo iye ali ndi ufulu wofunsidwa.

Za kudandaula, musanene kuti ife sitidandaula. Mvetserani ba Akufuna ndi nkhuku zawo. Timadandaula kwambiri, koma mozungulira, kudzera mwa nkhuku, mwa nyimbo ya pamtondo, mwa malume, kuti wolakwayo akonze asanachite manyazi. Paja kukana nsalu ya akulu n'kuviika. Njira imeneyi ndi yabwino pakati pa anthu omvana makutu ndiponso okhala ndi nthawi. Kwa mlendo amene ali ndi tikiti ya ndege m'thumba siigwira, chifukwa iye nkhuku sazimva. Kwawo kudandaula ndi mbali ya malonda, nthawi zina ndi chikondi chomwe. Munaona nokha dzanja likusisita pakamwa pakutukwana. Amapyola nazo muyeso, n'chifukwa chake munamupatsa dzina lija, koma pa galimoto paja anachita chilungamo.

Anthu a m'chipululu aja sanalangidwe chifukwa chonena kuti ali ndi ludzu. Analangidwa chifukwa cha mtima wosathokoza, wong'ung'udza kuseri, wosafuna kuti chinthu chikonzeke koma kuti wina aipe. Kuuza munthu woyenera kuti pampu ikudontha, nthawi yokonza ikadalipo, ndi umboni chabe. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Za ba Nawa ndi mzere wa mafuta ndingoti miyendo ikatopa yatopa, ndipo kunena choncho sikunagwetsepo dziko. Koma inu siyani kuika mapepala a osokosa pamwamba pa a anthu ofatsa. Mukatero mukuphunzitsa tauni yonse kuti ulemu ulibe malipiro.

Nazi zochita, ndipo muyambe sabata ino. Uzani Jennifer poyamba, inu nokha, zonse, ndi bodza lachiwiri lomwe. Asadzamve kwa wina. Akwiya, mulekeni akwiye, ndipo mumufunse kuti ndi ndani mwa abale amene bambo ake amamumvera. Mutengeni ameneyo pamodzi ndi mkulu wa mpingo mmodzi, mupite kwa ba Mukumbuta masana, mukhale pansi monga mwa mwambo wa pakhomopo. Musayambe ndi zifukwa zanu. Nenani mawu a mzungu aja onse, limodzilimodzi, monga munayenera kuwanenera mu Meyi, kenako nenani za K900 ndi za mnzake wa ku Ndola ndi za tsiku la 30. Pemphani kuti ba Akufuna akhalepo. Mukatha, tsekani pakamwa. Musawauze kuti agulitse, musawauze kuti asunge.

Tsiku lomwelo pitani kwa a Madando mukawauze kuti simunamasulire zonse. Adzakukalipirani, mwazolowera.

Ba Mukumbuta akasankha kubweza galimotoyo, safunika kupita okha kukadandaula. Wachibale uja ndi inu mukawalankhulire, ndiyo ntchito ya otumidwa. Akasankha kukhala nayo, pali njira yoti ndalama ya kukanganirana ija ibwerere popanda wina kugwa nkhope. Munthu wochoka m'dziko amatsazika, ndipo wotsazika pakhomo pamene pakubwera ukwati sabwera chimanjamanja. Auzeni a Madando abwere ku Dambwa North kudzatsazika, asiye envelopu ya mkwatibwi m'manja mwa mayi ake, pamodzi ndi buku la galimotoyo ndi keyala ya kumene angadzaitanitse pampu akafika kwawo. Mphatso ya ukwati palibe Mlozi kapena Mchewa amene angaikane. Aliyense adzadziwa chimene chili m'envelopumo, ndipo palibe amene adzachitchule.

Koma chenjerani, mwana wanga. Ndikukuonani mukuwerenga za envelopuzi n'kupuma mpweya wautali, mukuganiza kuti mwapeza podutsira osaulula. Musayese. Mukakonza envelopu musanagwade, mudzakhala mwanama kachitatu, ndipo ba Mukumbuta adzaliona bodzalo monga anaonera loyamba lija. Munthu amene amatsekemeretsa mawu kuti asakhumudwitse apongozi adzatsekemeretsanso kwa mkazi wake tsiku limene ntchito idzathe kapena dokotala adzanene zoipa, ndipo bambo aliyense amaopa mkamwini wotere kuposa wosauka.

Mawu amene munameza pa galimoto paja si anu. A Madando anawapereka kwa ba Mukumbuta, ndipo ba Mukumbuta anawalipira pamodzi ndi matayala. Inu munangotumidwa kuwaolotsa. Valani jekete lija, mukawapereke kwa mwini wake, onse, osafota.

Aphungu.